Njala Yobwera ndi Mankhwala

Pali njala ina imene nsima siithetsa. Mwana amadya mitanda yake yonse, n'kunyambita mbale, n'kusamba m'manja, koma inu musanamalize kutsuka miphika mumangomva chitseko cha firiji chikutseguka. Si umbombo, ndipo si kuleredwa molekerera. Njala imeneyi imabwera ndi kam'bulu kakang'ono, kapena timadzi ta mankhwala tothira m'kamwa madzulo, ndipo amene amaidziwa bwino ndi makolo a ana omwa mankhwala a matenda a maganizo. Ine ndine mmodzi wa makolo amenewo. Kwa nthawi tsopano ndakhala ndikulingalira za thandizo limene achipatala akonda kutipatsa masiku ano tikadandaula za kunenepa kwa ana athu, thandizo la pa intaneti lobwera kudzera pafoni.

Timakhala kumpoto kwa England. Ine ndimagwira ntchito usiku m'nyumba yosamalira okalamba, abambo akunyumba amayendetsa galimoto yonyamula katundu. Mwana wathu wachisamba ali ndi autism. Atakwanitsa zaka 11 zinthu zinafika povuta. Akakwiya ankadzimenyetsa mutu kukhoma, ankadziluma dzanja mpaka magazi, ndipo mlongo wake wamng'ono anayamba kugona atakhoma chitseko. Tinatsata zonse zimene akatswiri a khalidwe la ana anatiuza: zithunzi zomusonyeza zochita za tsikulo, kachipinda kabata kothawiramo, kuchepetsa phokoso m'nyumba. Zina zinathandizako pang'ono. Zitakanika, dokotala wa matenda a maganizo a ana anatilembera risperidone, n'kutiuza kuti akapanda kuthandiza pa masabata 6 adzawasiyitsa.

Anathandiza. Ndinene poyera kuti mankhwalawa anatibwezera mwana. Anayamba kugona usiku, zilonda za padzanja zinapola, anabwerera kusukulu, ndipo tsiku lina anatibweretsera chithunzi cha basi chimene anajambula yekha, mawindo onse ali m'malo mwake. Amene sanakhalepo m'nyumba yotero amafulumira kunena kuti mwana wamng'ono sapatsidwa mankhwala a mutu. Ine sindikangana nawo, ndimangowafunira kuti zisadzawaonekere. Koma walira mvula walira matope. Nyengo yozizira isanathe mathalauza a yunifolomu anali atathina. Tinagula ena, nawonso osakhalitsa. Usiku wina abambo ake anamupeza ali chilili kukhitchini mumdima, akutafuna buledi wozizira wopanda chopaka chilichonse, misozi ili lengelenge. "Adadi, sindikukhuta," anatero.

Zimenezi si za m'nyumba mwathu mokha. Mu 2009 dokotala Christoph Correll ndi anzake a ku New York anafalitsa m'magazini ya zachipatala ya JAMA zimene anapeza atatsata ana ndi achinyamata a zaka 4 mpaka 19 omwa mankhwala a mtunduwu kwa nthawi yoyamba. Pa masabata pafupifupi 11 okha, omwa olanzapine anawonjezera makilogalamu 8.5 pa avereji, omwa quetiapine 6.1, omwa risperidone 5.3, omwa aripiprazole 4.4. Anzawo amene sanamwe mankhwalawo anawonjezera 0.2 basi. Makilogalamu 5 ndi thumba lija la ufa limene timagula kushopu ya zakudya za kwathu, ndiye mwana alisenze m'thupi temu imodzi ya sukulu isanathe.

Chimachitika n'chakuti mankhwalawa akamakhazika pansi zimene zasokonekera mu ubongo, amakhudzanso kachigawo kotchedwa hypothalamus, kamene kamayendetsa njala ndi kukhuta. Amatseka malo olandirira histamine ndi serotonin, ndiye uthenga woti m'mimba mwadzaza sufika bwino. Amawodzeretsanso, mwana n'kumangofuna pokhala. Ndipo nkhani sithera pa mathalauza. Kafukufuku wa ku Tennessee wa mu 2013 anapeza kuti ana ndi achinyamata a zaka 6 mpaka 24 omwa mankhwalawa anali pachiopsezo chodwala matenda a shuga kuwirikiza katatu poyerekeza ndi anzawo omwa mankhwala ena a maganizo. Ine kuntchito ndimasambitsa okalamba amene anadulidwa zala za kumapazi chifukwa cha shuga. Mawu amenewo sindiwamva ngati nkhani ya m'buku.

Tsiku lokaonana ndi achipatala litafika, nesi anamukweza pasikelo, n'kuyang'ana nambala, n'kuyang'ana pakompyuta pamene panali nambala yakale, kenaka n'kuyang'ana ine. Mayi aliyense amakudziwa kuyang'ana kumeneko. Sanandinyoze ayi, anali munthu waulemu ndithu, koma anafunsa ngati kunyumba timakonda zakumwa zotsekemera, ngati mwana amasewerako panja. Mzere wokaonana ndi katswiri wa kadyedwe unali wa miyezimiyezi, ndiye anandipatsa kapepala kolembapo keyala ya pa intaneti. Akuti m'menemo muli zonse.

Ndinalembetsa usiku womwewo. Umalowetsa zaka za mwana, kutalika kwake ndi kulemera kwake. Ukatero chilichonse chimene mwana wadya umachilemba, pulogalamuyo n'kuchipatsa mtundu: wobiriwira ngati n'chabwino, wachikasu ngati n'chapakatikati, wofiira ngati n'choyenera kupewa. Muli timavidiyo ta masewera olimbitsa thupi ochitira pabalaza, m'mawa uliwonse kumabwera uthenga wolimbikitsa, ndipo ukalemba funso mlangizi wina amakuyankha pakapita tsiku kapena masiku awiri.

Zabwino zake ndisazibise. Munthu wogwira ntchito usiku alibe masana. Misonkhano ya makolo imene amaiika 10 koloko m'mawa imandipeza ndili m'tulo tofa nato, pamene foni ndimatha kuitsegula 3 koloko usiku, agogo onse amene ndimawasamalira atagona, ine ndili pampando ndi kapu ya tiyi. Kwa mwana wanga ulendo wa kuchipatala ndi chilango: basi yodzaza, magetsi owala kwambiri a m'chipinda chodikiriramo, kenaka sikelo yoikidwa pamene aliyense wodutsa amaona. Kunyumba amakwera pasikelo Loweruka m'mawa atavala zogonera, popanda womuyang'ana. Ndinatolamonso nzeru zogwirika. Kavidiyo kena kanaonetsa masupuni a shuga amene ali m'botolo la madzi a zipatso, aja amene ambirife timawaona ngati mavitamini okhaokha. Tinawasiya, mufiriji mwathu mumakhala jagi ya madzi ozizira othira ndimu. Tinagula mbale zocheperapo. Tinayamba kuika ndiwo zamasamba patebulo nsima isanafike.

Mavuto anayambira pa chakudya cha madzulo. Pamndandanda wa zakudya panali mitundu ya pasta yosawerengeka, koma nsima panalibe. Usipa panalibe. Nkhwani wotendera ndiye musachite kufunsa. Ndinayesa kulemba nsima ngati phala la chimanga, pulogalamuyo n'kundifunsa kuti magalamu angati. Kwathu nsima timaomola ndi chipande, ndipo mwana amadziwika kuti amadya mitanda ingati. Sindinaonepo mayi akuika mtanda pasikelo uku ukufuka nthunzi, banja likudikira patebulo. Nsinjiro zinapatsidwa mtundu wofiira chifukwa cha mafuta, pamene chakudya china cha m'paketi, cholembedwa kuti n'chopanda mafuta, chinapatsidwa wobiriwira. Ndinaseka ndekha kukhitchini.

Izi n'zazing'ono, munthu wina wanzeru akhoza kuzikonza pa tsiku limodzi. Chachikulu n'chakuti pa mafunso onse a polembetsa panalibe ngakhale limodzi lofunsa ngati mwanayo akumwa mankhwala. Pulogalamuyo anaipangira mwana amene wanenepa chifukwa cha tchipisi ndi kukhalira TV, ndipo malangizo ake onse ankachokera pamenepo. Akuti phunzitsani mwana kumvera mimba yake, azisiya kudya akamva kukhuta. Eya, koma kumva kukhutako ndi kumene mankhwala anazimitsa. Akuti muzimulawitsa ndiwo zatsopano sabata iliyonse. Mwana wanga zakudya zimene amalola kuti zilowe m'kamwa mwake n'zowerengeka pazala, ndipo nyemba zikangokhudzana ndi mpunga m'mbale, chakudya chonsecho chatha ntchito. Akuti mulowetseni mutimu ya mpira. Amene analemba zimenezo sanaonepo mwana atatseka makutu, atagwada pansi, chifukwa cha kulira kwa wezulo.

Nditamulembera mlangizi uja kumufotokozera za risperidone, anandiyankha mwaulemu kuti nkhani za mankhwala ndikafunse kwa dokotala. Kuchipatalako ndi kumene ananditumiza ku pulogalamuyo pa nkhani ya kunenepa. Mwana mmodzi, thupi limodzi, koma mutu uli kwa uyu, mimba ili kwa uyo, ndipo awiriwo sadziwana.

Abambo akunyumba ndiye analibe nazo mawu abwino. "Amake mwana, kumeneku n'kusamba m'manja," anatero akuvula nsapato. "Mankhwala apereka okha, vuto lake akulidziwa okha, koma kulimbana nalo atisiyira ife ndi foni." Sindinagwirizane nawo kotheratu, poti ine ndinali nditapezamo kanthu, komabe pamene analozapo panali bala. Chinthu chokufunsa katatu pa tsiku kuti mwana wadya chiyani chimakusandutsa mlonda wa kabati. Tinafika poika loko pakabati ya zakudya. Mlongo wake, amene sanalakwe kanthu, anayamba kupempha chilolezo kuti adye bisiketi m'nyumba ya makolo ake. Ndipo madzulo ena mnyamata wanga anatenga foni yanga n'kuona mzere wa timadontho tofiira pansi pa dzina lake. Kusukulu kwawo mtundu wofiira umatanthauza kuti walakwa. Anabwera nayo foniyo kukhitchini. "Amama, ndalakwa chiyani?" Kuyambira pamenepo pulogalamuyo saionanso, ndipo za kulemera kwake sitikamba iye ali pomwepo.

Mwezi uliwonse makolo a ana otere timakumana m'kaholo ka tchalitchi china, pali tiyi ndi mabisiketi amene tonse timawayang'ana mwamanyazi. Nkhani imeneyi itabuka, maganizo anali osiyanasiyana. Mayi wina wochokera ku Pakistan anayamikira kwambiri thandizo la pafoni, pa chifukwa chimene ine ndinachimva msanga: abale a mwamuna wake sadziwa kuti mwana amamwa mankhwala a maganizo, ndipo pafoni palibe wokumana naye pakhomo la chipatala n'kukafalitsa. Ifenso kwathu timadziwa mmene mbiri ya misala imamatirira pabanja, mpaka kulepheretsa ukwati wa mlongo wa wodwalayo. Koma mayi yemweyo ndi amene anafunsanso kuti zonse timalembamozi, dzina la mwana, kulemera kwake, zimene amadya, zimakathera m'manja mwa yani. Tonse tinangoti zii.

Bambo wina wachizungu, wolera yekha mtsikana wa zaka 16 amene amamwa quetiapine, anakana kwamtuwagalu. Mwana wakeyo akuti amakhalira kale pagalasi kudzida, ndiye kumupatsa chida chowerengera chilichonse cholowa m'kamwa n'kumutsegulira khomo la matenda ena, aja odzimana chakudya. Ankalankhula mawu akunjenjemera. Wanga ndi mnyamata wosalabadira za galasi, koma pomumva bamboyo ndinaona kuti chimene chikuthandizako m'nyumba mwanga chikhoza kupha m'nyumba mwake. Gogo wina wolera mdzukulu anangoseka n'kutulutsa kafoni kake ka mabatani. Mayi winanso mwana wake amamwa methylphenidate chifukwa cha ADHD, mankhwala amene amathetsa chilakolako cha chakudya, ndiye iye nkhondo yake ndi yakuti mwana adyeko. Pulogalamu yochepetsa thupi alibe nayo ntchito.

Amene anagunda pamutu pa nkhani anali nesi wochokera ku Zimbabwe, amene mwana wake amamwa olanzapine. Iye anati ndi foni alibe nayo mlandu, koma nambala imene amalemba sabata iliyonse izikafika patebulo la dokotala amene analemba mankhwalawo, ndipo ikakwera mopitirira, achipatala aziimba okha. Kupanda apo, akuti, tikungodzilembera tokha mbiri ya kugonja kwathu. Tonse tinavomera ndi mitu. M'chipinda chonsecho munalibe kholo ngakhale limodzi lopempha kuphunzitsidwa kuti masamba ndi abwino kuposa maswiti. Zimenezo tikuzidziwa. Chimene chikusowa ndi munthu wodziwa mankhwala woti atisenzeko katunduyu.

Tikutsuka makapu, mayi wina amene sanatsegule pakamwa mumsonkhano anandinong'oneza kuti iye anamusiyitsa mwana wake mankhwala osauza aliyense, atatopa kumuona akubwera kusukulu akulira chifukwa chosekedwa. Sipanapite nthawi, mwanayo anadwala kuposa kale mpaka kugonekedwa m'chipatala. Apa ndi pamene nkhani ya sikelo imaopsa. Ena amaiona ngati ya maonekedwe chabe, koma kunenepa n'chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene achinyamata ndi makolo awo amasiyira mankhwala, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kumabweza matenda ndi ukali.

Nanga chothandizadi chilipo? Chimene chimandikhutiritsa ine chinachitikira ku Bondi, mumzinda wa Sydney ku Australia. Dokotala Jackie Curtis ndi anzake anayambitsa ntchito yotchedwa Keeping the Body in Mind, ya achinyamata a zaka 14 mpaka 25 amene angodwala kumene psychosis, matenda aja amene munthu amamva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuziona. Sankadikira kuti munthu ayambe wanenepa. Kungoyamba mankhwala, wachinyamatayo ankakhala ndi nesi, katswiri wa kadyedwe, katswiri wa masewera olimbitsa thupi, komanso achinyamata anzake amene anadutsa kale m'matendawa. Ankapitira limodzi kukagula zakudya, n'kuphikira limodzi. Pa masabata 12, amene anali m'gululi anawonjezera makilogalamu 1.8, pamene anzawo olandira chithandizo cha masiku onse anawonjezera 7.8. Achinyamata a m'kafukufukuyo anali ochepa, osakwana 30, ndiye tisakokomeze. Komabe zinthu ziwiri zikuoneka poyera: anayamba msanga, ndipo panali anthu.

Kuyamba msangako kunalembedwa kale ngakhale kuno ku England. Malangizo a bungwe la NICE a mu 2013 okhudza ana odwala psychosis amati mwana ayezedwe asanayambe mankhwala, kenaka sabata iliyonse pa masabata 6 oyambirira, n'kuyezedwanso pa masabata 12, ndiyeno miyezi 6 iliyonse, osaiwala kuyeza shuga ndi mafuta a m'magazi. Masabata oyambirirawo ndi amene sikelo imathamanga kwambiri. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ife kapepala ka keyala kaja tinakalandira tchire litapsa kale. Pamenepatu ndi pamene foni ikanagwira ntchito yake yeniyeni. Banja la anthu ogwira ntchito silingathe kupita kuchipatala sabata iliyonse, koma kumukweza mwana pasikelo kunyumba n'kutumiza nambala kwa nesi, zimenezo aliyense wa ife akanachita mosanyinyirika.

Ndiye pali zina zimene pulogalamu ya pafoni, ikome chotani, singachite. Singachepetse mlingo wa mankhwala. Singamuchotse mwana pa olanzapine n'kumuika pa ena osanenepetsa kwambiri. Singalembe metformin, mankhwala a shuga aja amene akuluakulu ambiri kwathu amawadziwa. Kafukufuku wa mu 2016 wotsogozedwa ndi Evdokia Anagnostou wa ku Toronto anatsata ana 60 a autism, a zaka 6 mpaka 17, kwa masabata 16, ndipo anapeza kuti metformin amachepetsa kunenepa kobwera ndi mankhwala a mtunduwu, ngakhale ana ena ankadandaula m'mimba. Zonsezi zili m'manja mwa dokotala. Ife tinalemba nambala za Loweruka zija papepala n'kupita nazo, ndipo dokotala ataona mzere ukungokwera osapuma anayamba kuchepetsa mankhwala pang'onopang'ono, uku akuonetsetsa khalidwe la mwana. Sikelo inasiya kuthamanga. Kutsika sinatsike kwenikweni. Mnyamata wanga akadali wamkulu thupi kuposa anzake a m'kalasi, koma akutalika, ndipo usiku amagona osadzuka kukasaka buledi.

Mbali ina ya nkhaniyi ili ku Ntcheu. Lamlungu timaimbira amayi anga pa WhatsApp, achimwene atawagwirira foni. Tsiku limene anamuona mdzukulu wawo masaya atadzaza, anaomba m'manja. "Koma ndiye amuna angawa asalala! Mukuwadyetsa bwino, mwanawe." Nditawafotokozera kuti tikumuchepetsera nsima, nkhope inagwa. "Mwana sam'mana chakudya. Nanga kunjako munapitira chiyani?" Sindinawatsutse. Amayi anga anaika m'manda abale amene anayamba n'kuwonda m'zaka za m'ma 1990, anthu akunong'onezana za kaliwondewonde. Anaona njala ya 2002, anthu akudya zitsa za nthochi. Ngakhale kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Kwa munthu amene anaona zimenezo, mwana wonenepa ndi pemphero loyankhidwa. Ndipo mawu awowo amandilira m'makutu nthawi iliyonse ndikamabweza mtanda wachitatu m'bakuli. Palibe uthenga wa m'mawa wa pafoni umene umadziwa kuti mayi wa ku Malawi akamachepetsa nsima ya mwana, amakhala akulimbana ndi amayi ake omwe.

Komatu kwathu nakonso ana akumwa mankhwala onenepetsa. Ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndiponso m'zipatala za m'maboma, achinyamata amalandira chlorpromazine, ena risperidone, ndipo ena mwa ana odwala khunyu amamwa sodium valproate, amenenso amakweza sikelo. Mwana wotero akayamba kudzaza thupi pamudzi amati wachira, ndipo si ambiri angaganize zokamuyezetsa shuga. Chonsecho luso loyeza mwana ife tili nalo kale. Mayi aliyense amadziwa kupita kusikelo, mwana n'kupachikidwa pansi pa mtengo akulira, alangizi a zaumoyo n'kulemba kadontho m'kabuku ka kuchipatala. Kungoti mwambowo umatha mwana akakwanitsa zaka zisanu. Tilinso ndi Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, kumene munthu amaimba foni mwaulere n'kuyankhidwa ndi wazaumoyo m'chinenero chake, ngakhale pa kafoni ka mabatani. Ine ndili kuno kumene intaneti ili mbwee, koma chimene ndinkasowa ndi chonga chimenecho: mawu a munthu wodziwa nsima, wodziwanso mankhwala.

Pulogalamu ija sindinaichotse pafoni. Ndimaonerabe timavidiyo take, ndimalembamo nambala ya Loweruka, koma zolemba chakudya chilichonse ndinasiya. Loko tinachotsa pakabati. Zimene sitifuna kuti adye sitizigula n'komwe, ndipo lamulolo ndi la tonse m'nyumba, kuphatikizapo abambo ake amene Fanta anali moyo wawo. Madzulo amayenda naye wapansi kukaona mabasi kudepoti, poti mabasi ndiye mtima wake. Amadziwa nambala ya basi iliyonse ndi kumene ikulowera, ndipo amayenda mtunda wautali osadziwa kuti akulimbitsa thupi. Zimenezo pulogalamu sikanatiuza, chifukwa sinatifunse chimene mwanayu amakonda.

Opanga zinthuzi atandifunsa, ndingawauze kuti thandizo la pa intaneti ndikulifuna, koma lifike tsiku limene m'bulu woyamba wafika, lidziwe dzina la mankhwalawo, lizilankhula ndi kholo m'malo mopaka mwana zofiira, ndipo kuseri kwake kukhale nesi amene angagogode pachitseko cha dokotala. Lopanda zimenezi ndi kapepala kongotichotsa pamzere.

Inu amene mwana wanu walemberedwa mankhwala otere, kaya muli ku Leeds, ku Johannesburg kapena ku Mzimba, musatuluke m'chipinda cha dokotala mwana asanakwere pasikelo. Nambalayo ilembedwe m'kabuku. Funsani kuti mubwere liti kudzayezanso, ndiponso kuti sikelo ikayamba kuthamanga muuze yani. Ndipo zivute zitani, mankhwala musamusiyitse panokha.